Chimene Sichinachitike Chilinso ndi Nthawi Yake: Kukana ndi Nthawi Yakale m'Chifalansa

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi, makolo ndi ophunzira Chifalansa a m'sukulu za sekondale za m'dera la minda ya tiyi ku Thyolo



Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi ya Chifalansa akudziwa pamene ana amapunthwa. Akafuna kusimba zakale, ayenera kusankha pakati pa nthawi ziwiri za mneni, passé composé ndi imparfait. Chiganizo chikakhala chovomera, ambiri amayesetsa ndithu: chimene chinachitika n'kutha amachipatsa passé composé, chimene chinkachitika kawirikawiri kapena chinali mkati amachipatsa imparfait. Koma mungolowetsamo timawu tokana tija, ne ndi pas, mwana yemwe uja amasokonezeka. Mumtima mwake amati: "Ngati chinthu sichinachitike, ndiye kuti sichinathe. Ngati sichinathe, ndilembe imparfait." Maganizo amenewa amaoneka anzeru, koma ndi amene amadya malikisi a ana athu pa mayeso a MSCE.

Lero ndabwera ndi mfundo imodzi. Kukana sikuchotsa udindo wosankha nthawi, ndipo mwana wa ku Thyolo amadziwa kale kasankhidwe kake, chifukwa amasankha tsiku ndi tsiku m'chiyankhulo cha kwawo. Chotsala n'chakuti ife aphunzitsi timutsegulire njira yochoka pa Chichewa kulunjika ku Chifalansa.

Chifalansa n'cha chiyani kuno?

Makolo ena amafunsa kuti mwana wa munthu wothyola tiyi Chifalansa apita nacho kuti. Funsoli ndi loyenera kuliyankha. Chifalansa sichinabwere dzulo m'dziko muno. Ansembe a chipani cha Montfort ochokera ku France anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901. Kuno ku Thyolo, bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, lomwe linayambira ku Paris mu 1971, linagwira ntchito yolimbana ndi Edzi kuyambira mu 1997, ndipo ambiri mwa inu muli ndi abale amene anathandizidwa nthawi imeneyo. Ku Dzaleka, ku Dowa, msasa umene unatsegulidwa mu 1994, kuli anzathu ochokera ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda. Asilikali athu anatumikira kummawa kwa dziko la Congo mu 2013, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. M'bungwe la SADC, Chifalansa ndi chimodzi mwa ziyankhulo zogwirira ntchito, ndipo chimayankhulidwa ku Congo, Madagascar, Mauritius, Seychelles ndi Comoros. Ngakhale pa tiyi weniweniyu, pamene wathu amagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe, wa ku Rwanda ndi Burundi amapita ku Mombasa, ndipo onsewa amakakumana pa msika umodzi wa dziko lonse. Womasulira m'chipatala, m'bwalo la milandu kapena pa zamalonda sangachoke kumwamba. Achoka m'makalasi athu omwewa.

Zimene pakamwa pathu padziwa kale

Tiyambire kwathu. Tamverani ziganizo zitatu izi:

Thirakitala sinabwere m'mawa uno.
Thirakitala sinkabwera Lamulungu.
Pamene tinkaweruka, thirakitala inali isanabwere.

Palibe mwana pano amene angasokoneze zitatuzi. Choyamba chikunena za ulendo umodzi umene unkayembekezeka koma unalephereka. Chachiwiri chikunena za chizolowezi. Chachitatu chikunena za chinthu chimene chinali chisanachitike pamene china chinkachitika. Tsono imvani Chifalansa chake:

Le tracteur n'est pas venu ce matin.
Le tracteur ne venait pas le dimanche.
Quand nous avons fini le travail, le tracteur n'était pas encore venu.

Sinabwere yagwirizana ndi passé composé, sinkabwera yagwirizana ndi imparfait, inali isanabwere yagwirizana ndi plus-que-parfait. Chingerezi, chomwe nthawi zambiri timafotokozera Chifalansa m'kalasi, chimatha kunena ziganizo ziwiri zoyambazo ndi mawu amodzimodzi, "did not come". Choncho mwana akadzera ku Chingerezi amataya panjira kusiyana kumene anali nako kale m'kamwa, kenako ife timavutika kumubwezera ndi malamulo oloweza.

Onaninso kuti m'Chichewa kukana kumasintha maonekedwe a mneni. Timati ndapita, koma sitinena kuti "sindapita". Timati sindinapite. Kamphatikizo ka -na- kalowapo, ndipo lembo lomaliza lasanduka e. Timati ndinapita kapena ndidapita, pokana timati sindinapite kapena sindidapite. Koma ndinkapita akakanidwa amangokhala sindinkapita, lembo lomaliza osasintha. Ngakhale sindinapite yemweyo ali pawiri: wina ndi wa ulendo umene unalephereka, wina ndi wa ulendo umene ukadali m'tsogolo, ndipo khutu limawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu ngakhale papepala alembedwa mofanana. Mwana amene wakula ndi chiyankhulo chotere si mlendo pa nkhani yoti kukana ndi nthawi zimayendera limodzi.

Buku la kalaliki

Tsono tiyankhe maganizo aja oti chimene sichinachitike sichingakhale chotha. Pa esiteti iliyonse pali buku, kapena masiku ano makina, momwe amalembamo amene wabwera ndi makilogalamu amene wathyola. Mayi wina akapanda kubwera Lachiwiri, kalaliki salumpha tsikulo ngati kulibe. Amalemba kuti sanabwere, ndipo pa malipiro tsikulo limaoneka. Kujomba kuli ndi deti. Kunayamba m'mawa pamene kapitawo ankaitana mayina, kunatha madzulo pamene sikelo inatsekedwa. Umu ndi momwe Chifalansa chimaonera kukana mu passé composé: pali mpata wa nthawi wokhala ndi malire, mpatawo unatsekeka, chinthu chija osachitika. "Elle n'est pas venue mardi." Sanabwere Lachiwiri, nkhani yatha.

Koma tikati "Elle ne venait pas le mardi", sitikutsegula tsamba limodzi la bukulo ayi. Tikufotokoza momwe zinthu zinkakhalira: Lachiwiri sankabwera, mwina linali tsiku lake la kusikelo ya mwana. Tikati "Elle ne travaillait pas quand le chef est arrivé", tikujambula zimene bwana anapeza atafika: mayiyo sankagwira ntchito pa nthawiyo.

Choncho funso loti mwana adzifunse si lakuti "Kodi zinachitika?" Funso ndi ili: "Kodi ndikukana chiyani? Chochitika cha mu mpata wotsekeka, kapena chizolowezi ndi momwe zinthu zinalili?"

Kutalika kwa nthawi kusakunyengeni

Msampha wachiwiri ndi kutalika kwa nthawi. Ana ambiri anamva kuti imparfait ndi ya zinthu zotenga nthawi yaitali. Ndiye akafuna kunena kuti mvula sinagwe miyezi itatu, amalemba "Il ne pleuvait pas pendant trois mois." Pa chilala chimodzi chodziwika, Chifalansa cholondola ndi "Il n'a pas plu pendant trois mois." Miyezi itatu ndi yambiri, koma yawerengedwa, ili ndi poyambira ndi pothera. Inunso pa Chichewa mumati "Mvula sinagwe miyezi itatu."

Mbiri yathu ili ndi zitsanzo zokwanira. Agogo athu amakumbukira njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri chigawo chino cha kummwera. Mwana wolemba za chakacho anene kuti "Cette année-là, il n'a pas assez plu", chaka chimenecho mvula sinagwe mokwanira. Akafuna kufotokoza momwe anthu ankakhalira mkati mwa njalayo asinthe: "Les gens ne mangeaient pas tous les jours", anthu sankadya tsiku lililonse. Za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene tonse tinamuona ndi maso, anene kuti "La pluie n'a pas cessé pendant plusieurs jours", mvula sinakate kwa masiku angapo, ndiponso "Nous ne sommes pas allés à l'école", sitinapite kusukulu. Za nthawi ya thangata, pamene mabanja okhala pa minda ya azungu ankalipira malo ndi thukuta lawo, anene kuti "Les familles ne possédaient pas la terre", mabanja analibe malo awoawo, chifukwa apa akufotokoza mkhalidwe. Koma za bambo mmodzi amene anathamangitsidwa pa esiteti anene kuti "Il n'a pas travaillé ce mois-là, et on l'a chassé", sanagwire ntchito mwezi umenewo, ndipo anamuthamangitsa. Imparfait imayala bwalo, passé composé imayendetsa nkhani, kaya chiganizo chikuvomera kaya chikukana.

Pamene kukana kumasinthadi nthawi

Pali malo amodzi pamene ndikupempha aphunzitsi kuti tizichedwapo, chifukwa apa kukana kumasunthadi mneni kuchoka pa nthawi ina kupita pa ina. Ndi pa liwu loti depuis, lonena za chinthu chimene chinayamba kale ndipo chikupitirira.

Povomera, Chifalansa chimagwiritsa ntchito nthawi yatsopano: "Mon père travaille à l'usine depuis dix ans." Bambo akhala akugwira ntchito kufakitale zaka 10, ndipo akugwirabe. Tsono yerekezani kuti mvula yatha, masamba achepa, antchito a nyengo aimitsidwa monga zimakhalira miyezi yachilimwe. Mwana akufuna kunena kuti bambo sanagwire ntchito kuyambira mu Meyi. Kawirikawiri Mfalansa amati "Mon père n'a pas travaillé depuis mai." Mneni wachoka pa nthawi yatsopano, walowa mu passé composé. Chifukwa chake n'chakuti povomera tikunena za ntchito imene ili mkati, pamene pokana tikuyang'ana m'mbuyo, kuchokera pa tsiku lomaliza kugwira ntchito kufika lero, n'kupeza kuti mu mpata wonsewo mulibe tsiku ngakhale limodzi la ntchito. Chimodzimodzi "Je ne l'ai pas vu depuis deux ans", sindinamuone zaka ziwiri tsopano. Onani kuti Chichewa nachonso chasintha: akhala akugwira wasanduka sanagwire.

Nkhani yonse ikakhala yakale, zonse zimatsika sitepe imodzi. Povomera timati "Il pleuvait depuis trois jours quand la rivière a débordé", mvula inali itagwa masiku atatu osakata pamene mtsinje unasefukira. Pokana timati "Il n'avait pas plu depuis deux mois quand le maïs a séché", mvula inali isanagwe miyezi iwiri pamene chimanga chinauma. Imparfait yasanduka plus-que-parfait.

Koma tikakana ndi ne ndi plus, kutanthauza kuti chinthu chinaleka, nthawi yatsopano imabwerera: "Mon père ne travaille plus depuis mai", bambo sakugwiranso ntchito kuyambira mu Meyi. Apa tikunena za mkhalidwe umene ulipo lero, ulova. Ndipo chenjerani ndi chiganizo ngati "Il ne travaille pas ici depuis longtemps." Sichikunena kuti munthuyo sagwira ntchito pano. Chikunena kuti sanakhalitse, wangoyamba kumene. Chimene chakanidwa ndi kutalika kwa nthawi, osati ntchito. Mwana amene wazindikira zimenezi wayamba kumva Chifalansa, wasiya kungochiloweza.

Kulephera, kukana ndi kusadziwa

Aneni atatu, pouvoir, vouloir ndi savoir, ndiwo amaonetsa poyera kuti kasankhidwe ka nthawi kamasintha uthenga.

"Il ne voulait pas signer" ndiye kuti sankafuna kusaina. Tauzidwa za mumtima mwake, koma sitinauzidwe mathero. Mwina anamunyengerera mpaka anasaina. "Il n'a pas voulu signer" ndiye kuti sanafune, anakana, pepala linabwerera lopanda dzina. "Elle ne pouvait pas porter le panier" ndiye kuti sankatha kunyamula dengu, mwina chifukwa cha msana, ndipo womvera akudikira kuti nanga zinatha bwanji. "Elle n'a pas pu porter le panier" ndiye kuti sanathe, analephera. "Je ne savais pas" ndi sindinkadziwa, pamene "Je n'ai pas su répondre" ndi ndinalephera kuyankha pamene anandifunsa.

Wina angaganize kuti izi ndi za pa mayeso pokha. Ganizirani womasulira amene waima pakati pa dokotala woyankhula Chifalansa ndi mayi wosamalira wodwala. Mayi akuti, "Dzulo sanamwe mankhwala." Womasulira anene kuti "Hier, il n'a pas pris ses médicaments." Dokotala amva kuti wodwala waphonya tsiku limodzi. Koma mayi akati, "Sankamwa mankhwala", womasulira anene kuti "Il ne prenait pas ses médicaments", ndipo dokotala amva kuti wodwala anakhala nyengo yonse osamwa. Kwa munthu amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB, ziwirizi zimasiyana kutali, ndipo chithandizo chake chingasiyanenso. M'bwalo la milandu n'chimodzimodzi: mboni yonena kuti mlonda sanatseke geti usiku umenewo ikunena za tsiku limodzi, yonena kuti sankatseka geti ikunena za khalidwe la munthu. Womasulira akasinthanitsa ziwirizi walakwira munthu, ngakhale mawu ena onse atalondola.

Jamais, plus ndi pas encore

Timawu tina tokanira timatsata njira yomweyo. "Ma grand-mère n'a jamais vu la mer": agogo sanaonepo nyanja yamchere, tawerenga moyo wawo wonse ngati mpata umodzi. "Ma grand-mère ne buvait jamais de thé le soir": agogo sankamwa tiyi madzulo, chinali chizolowezi chawo. Kamphatikizo kathu ka -po, ka mu sanaonepo, ndi chizindikiro chabwino choti passé composé ikufunika. Ka -nso nako kamathandiza: "Il n'est plus revenu" ndi sanabwererenso, pamene "Il ne venait plus" ndi sankabweranso. Ndipo -sana- wa mu ndisanadye, asanafike, akatsagana ndi ndinali kapena anali, amatitengera ku plus-que-parfait: "Je n'avais pas encore mangé", ndinali ndisanadye.

Za kaikidwe ka mawu ndingokumbutsa mwachidule. Ne ndi pas amazinga mneni wothandizira: "je n'ai pas vu". Rien amakhala pamalo a pas, koma personne amapita kumapeto: "je n'ai rien vu", "je n'ai vu personne". Du, de la ndi des kawirikawiri amasanduka de: "j'ai cueilli du thé", koma "je n'ai pas cueilli de thé". Pocheza, eni chiyankhulo amakonda kumeza ne uja, koma inu polemba musamusiye. M'mabuku a nthano mukumananso ndi passé simple, monga "il ne vint pas". Ntchito yake pa nkhani yathuyi ndi yofanana ndi ya passé composé.

Kwa a Fomu 4 ndiwonjezere chimodzi. Mukakana mneni wa kuganiza kapena kukhulupirira, mneni wotsatira amakonda kulowa mu subjonctif. "Je crois qu'il est venu", ndikukhulupirira kuti anabwera. "Je ne crois pas qu'il soit venu", sindikukhulupirira kuti anabwera. Kukana kwalowetsa chikayiko, ndipo Chifalansa chimafuna kuti chikayikocho chioneke pa mneni.

Pamene Chichewa sichifika

Ndisakusiyeni ndi chithunzi choti ziyankhulo ziwirizi ndi mapasa. Pali malo pamene Chichewa chimanena ndi liwu limodzi zimene Chifalansa chimagawa pawiri. Ndinalibe ndi chitsanzo. "Je n'avais pas d'argent" ndi ndinalibe ndalama, momwe zinthu zinalili. "Je n'ai pas eu le temps" ndi ndinalibe nthawi, koma tanthauzo lake ndi lakuti mpata sunapezeke mpaka nthawi inatha. Sanali ndi kunalibe alinso chimodzimodzi. Pamenepa mwana asinthe mneni m'mutu mwake: kodi ndinganene kuti "sindinapeze nthawi"? Ngati zikumveka, alembe passé composé.

Chachiwiri, poyankhula ambiri timati samabwera ponena za kale ndiponso ponena za masiku ano, kusiyana kwake kuli m'kamvekedwe. Poyesa chiganizo gwiritsani -nka-, chifukwa sankabwera sasokoneza. Ndipo m'makalasi athu muli ana a m'mabanja a Chilomwe ndi a Chimang'anja. Mphunzitsi awafunse kuti agogo awo amanena bwanji ziganizo zitatu za thirakitala zija, kalasi yonse imve ndi kuyerekeza. Phunziro lotere mwana saliiwala.

Pempho langa

Aphunzitsi anzanga, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mabuku a Chifalansa ndi ochepa m'sukulu zathu, ndipo ambiri analembedwera ana a kwina. Koma chida chachikulu pa phunziro ili mwana amabwera nacho kuchokera kunyumba. Ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, musaphunzitse passé composé ndi imparfait ndi ziganizo zovomera zokha, kukana n'kukusiyira sabata yomaliza. Chitsanzo chilichonse chovomera chizibwera ndi mnzake wokana tsiku lomwelo.

Chachiwiri, mwana akakayika, musamuuze yankho. Mufunseni kuti, "Ukananena kwa amayi ako ukanati chiyani, sanabwere, sankabwera, kapena anali asanabwere?" Akayankha, mufunsenso kuti mpata wa nthawi ndi wotsekeka kapena ayi. Mphindi ziwiri za Chichewa sizingaphe Chifalansa. Zimachimangira maziko, ndipo mukatero bwererani ku Chifalansa mwamsanga kuti ana achiyankhule.

Chachitatu, apatseni zolemba zochokera m'moyo wawo: tsiku limene thirakitala sinabwere masamba n'kufota m'madengu, chaka chimene chiperoni sichinaoneke, nthawi imene kumudzi kunalibe mjigo. Mwana akamasimba zimene akuzidziwa amadziwanso chimene akukana, ndipo nthawi ya mneni imabwera mosavuta.

Inu makolo, musadzione ngati mulibe gawo chifukwa Chifalansa simuchidziwa. Muziwasimbira ana mbiri ya banja lanu m'chiyankhulo chomveka bwino, muziwakonza akasokoneza sanapite ndi sankapita. Potero mukuthandiza mphunzitsi wa Chifalansa.

Ndipo inu ana athu, mawa mukalowa m'kalasi lembani ziganizo zisanu ndi chimodzi, zonse zokana: ziwiri za zimene simunachite sabata yathayi, ziwiri za zimene simunkachita muli aang'ono, ziwiri za zimene munali musanachite pamene belu linalira. Muyambe m'Chichewa, kenako m'Chifalansa, ndipo mukaonetse aphunzitsi anu. Mukamachita zimenezi sabata ndi sabata, mudzalowa m'chipinda cha mayeso muli okonzeka, ndipo tsiku lina wodwala kapena mboni akadzadalira pakamwa panu, mudzanena zimene iye wanena.